Oumba a lero, miphika ya Aroma: mmene ku Britain amaumbiranso zophikira ndi nyale zamakedzana

Ku Britain ndi m'mayiko ena a ku Ulaya kuli oumba mbiya amene amadya thukuta lawo poumba zinthu zimene anthu anasiya kugwiritsa ntchito zaka mazana ambiri zapitazo. Amaumba miphika yakuda yonga imene asilikali a Roma ankaphikira, timiphika ta miyendo itatu ta m'zaka za m'ma 1500, ndi nyale zadothi zokwana m'chikhatho zoyakira mafuta a maolivi. Zina n'zokongoletsera pa shelefu, koma zambiri anthu amazigula kuti akatereke pamoto ndi kuziyatsa usiku.

Ogula ake ndi osiyanasiyana. Pali nyumba zosungiramo zinthu zakale zimene zimafuna kuti ana a sukulu agwire ndi manja chinthu chimene chenicheni chake chatsekeredwa m'galasi. Pali opanga mafilimu. Ndiye pali magulu a anthu amene Loweruka ndi Lamlungu amavala zovala zamakedzana, kumanga misasa, n'kumakhala monga mmene anthu a nthawi inayake ankakhalira. Gulu la Sealed Knot, limene linayamba mu 1968, limasewera nkhondo yapachiweniweni ya ku England ya m'ma 1640. La Ermine Street Guard linayamba mu 1972 ndipo limaonetsa asilikali a Roma, pomwe la Regia Anglorum la 1986 limaonetsa nthawi ya ma Anglo-Saxon ndi ma Viking, mitundu ya anthu imene inalowa mu Britain Aroma atachoka. Pamsasa wa magulu otere, poto wa aluminiyamu sangaoneke anthu akabwera kudzaonera. Palinso malo amene amayesa njira zakale pofuna kuphunzira, monga Butser Ancient Farm ku Hampshire, West Stow ku Suffolk, Lejre ku Denmark, ndi Guédelon ku France kumene kuyambira 1997 akumanga linga la miyala ndi zida za m'zaka za m'ma 1200.

Woona patali angati ntchito yonse ndi kukopera maonekedwe basi. Maonekedwe savuta, woumba waluso amawatola msanga. Mutu umazungulira pofuna kuti chinthucho chichite zimene chakalecho chinkachita: mphika upirire moto wa nkhuni osang'aluka, nyale iyake osazima ndiponso osasanduka ngozi. Apa m'pamene woumba amazindikira kuti zambiri zimene zimaoneka ngati kusowa luso kwa anthu akale, monga dothi la mchengamchenga ndi kuotcha kosalimbitsa kwambiri, zinali zochita dala.

Mphika wakuda wa ku Dorset

Aroma analowa mu Britain m'chaka cha 43 AD. Pa tebulo ankakonda mbale zofiira zonyezimira zochokera ku Gaul, dziko limene lero ndi France, kumene m'malo ngati La Graufesenque ng'anjo imodzi inkameza ziwiya zoposa 20,000 nthawi imodzi. Koma pa zophikira, gulu lankhondo lotchukali linadalira mphika wa anthu akumudzi. Fuko la Durotriges, limene linkakhala m'dera la Dorset kum'mwera kwa England, linkaumba miphika yakuda ndi manja okha, popanda gudumu loumbira, kuyambira Aroma asanafike. Cha m'ma 120 AD, nthawi imene khoma la mfumu ya Aroma Hadrian linkayamba kumangidwa kumpoto kwa England, miphika imeneyi inayamba kufika kumpoto yambirimbiri, mtunda wa pafupifupi makilomita 500, ndipo malondawo anapitirira mpaka m'zaka za m'ma 300. Akatswiri ofukula zinthu zakale amautcha Black-burnished ware 1, mwachidule BB1. Kwawo kwa mphikawu kunadziwika pamene David Peacock ndi David Williams a ku Southampton anaunika mchenga wa m'mapale ake n'kupeza kuti ukufanana ndi wa m'dera la Wareham ndi Poole Harbour. Pambuyo pake malo ootchera anafukulidwa ku Worgret ndi ku Bestwall, pafupi ndi Wareham pomwepo.

Woumba wa lero akafuna kuumba BB1 sayamba ndi mphika wathunthu. Kawirikawiri amayamba ndi mapale, kapena chojambula cha m'lipoti la ofukula chimene chimaonetsa mphikawo ngati waudula pakati: kukhuthala kwa khoma lake, kupindika kwa mlomo, kukula kwa mimba. Miyeso yonseyo ayenera kuiwonjezera, chifukwa dothi limafota pouma ndi pootchedwa, nthawi zambiri ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Akaiwala zimenezi, mphika wake utuluka wochepa kuposa wakalewo.

Kenako pali nkhani ya dothi. Logula m'matumba kusitolo ya oumba ndi losefedwa, losalala ngati batala, lokonzedwera makapu ndi mbale za pa tebulo. Silingathandize pano. Ayenera kukanda mchenga wambiri m'dothimo, kapena kupita kukakumba yekha. Mphikawo amaukweza ndi mikombero ya dothi lopota, kusanjikiza ndi kumata ndi zala. Dothi likayamba kugwirana koma lisanaume, amatenga mwala wosalala n'kupukuta paphewa ndi pamlomo mpaka panyezimire. Pamimba amasiya lamba wosapukuta, m'mene amalembamo mizere yopingasana ngati ukonde. Aliyense amene anaonapo amayi akuumba kumudzi kwathu, kuyambira kokumba mtapo, kusalaza ndi nkhulungo, mpaka kootcha pa mulu wa nkhuni, waona pafupifupi ntchito yonse imene woumba wa ku England ayenera kuitolera m'mabuku ndi m'mapale, chifukwa kwawo lusoli linaduka kalekale ndipo palibe agogo woti n'kumufunsa.

Mizere ya pamimba ija si yongolemba mmene dzanja lafunira. M'zaka za m'ma 100 inkakumana mosongoka, timabokosi take tili tatitali choimirira. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 200 ndi m'ma 300 timabokosito tinagona chopingasa, lambayo anachepa, ndipo mlomo wa mphika unatambasuka mpaka kuposa mimba yake. Ofukula amadziwira zaka za malo poyang'ana zimenezi. Choncho woumba akasakaniza mlomo wa nthawi ina ndi mizere ya nthawi ina, waumba mphika umene sunakhaleko n'kale lomwe, ngakhale ukongole bwanji.

Chimene chimapulumutsa mphika pamoto

Mphika ukakhala pamoto, pansi pake pamatentha pomwe kumtunda kukali kozizira. Dothi lotenthalo limafufuma pang'ono, lozizira limakhala chikhalire, ndipo mbali ziwirizo zimayamba kukokana. Mbale ya kusitolo yootchedwa pa madigiri a Celsius 1,200 kapena kuposa, dothi lake linasungunukirana n'kukhala chinthu chimodzi cholimba gwa. Ilibe pogonjera. Mng'alu ukangoyamba umathamanga mpaka tsidya lina, mbale n'kugawika pakati. Mphika wootchedwa pa madigiri 700 mpaka 900 ndi wina: uli ndi timibowo tosaoneka ndi maso komanso mchenga wodzaza m'kati mwake. Mng'alu ukayamba umayenda pang'ono, n'kugunda kamchenga kapena kugwera m'kabowo, mphamvu yake n'kuthera pomwepo. Mphika wotere suchedwa kusweka ukagwa pansi, koma pamoto umatha zaka.

Si mchenga wokha umene anthu ankasakaniza. Oumba oyambirira a nthawi ya ma Anglo-Saxon ankathira udzu woduladula ndi mankhusu, zimene zinkapsa pootcha n'kusiya timibowo. Miphika yotchedwa St Neots ware, ya m'zaka za m'ma 900 ndi m'ma 1000, ili ndi zigoba za nkhono zosinja zooneka ngati timadontho toyera. Zigoba zimachita bwino pamoto wophikira chifukwa zimafufuma pafupifupi mofanana ndi dothi, koma zili ndi msampha wake. Pootcha, moto ukapitirira madigiri 800 kapena chapomwepo, zigobazo zimasanduka laimu. Mphika umatuluka wooneka bwinobwino, koma pakapita masiku laimuyo amamwa chinyezi cha mumpweya, n'kufufuma, ndipo khoma la mphika limayamba kuthothoka lokha uli pa shelefu. Woumba wogwiritsa ntchito ng'anjo yamagetsi, amene anazolowera kutentha kwa madigiri 1,000, amagwa mumsampha umenewu mosavuta.

Miphika yambiri ya ku England ya m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 ili ndi pansi potukumuka pang'ono, moti pa tebulo imagwedera. Ogula ena amadandaula nazo. Koma mphikawo sunaumbidwire tebulo. M'phulusa ndi m'makala umakhazikika bwino.

Timibowo tija tili ndi mtengo wake. Mphika watsopano umachucha madzi. Michael Schiffer wa ku University of Arizona anayesa zimenezi ndipo anaonetsa kuti mphika wosamatidwa kanthu m'kati umachedwa kwambiri kuwiritsa madzi, mwina osawiritsa n'komwe, chifukwa madzi ochucha amauma kunja kwa khoma n'kumaliziritsa. Ndiye chifukwa chake mphika watsopano amayamba auphikira phala lamadzimadzi, mkaka kapena chakudya chamafuta, kuti timibowo titsekeke. M'madera ena oumba ankapaka utomoni m'kati mphika ukali wotentha.

Kagwiritsidwe ntchito kake kamafunanso kuphunzira, ndipo miphika yambiri yotengera yakale imasweka tsiku loyamba m'manja mwa anthu ozolowera chitsulo. Umayamba kuuika pambali pa moto muli kale madzi kapena msuzi, n'kumautembenuza kuti mbali zonse zifunde. Ukafunda m'pamene umausendeza, n'kukokera makala kuzungulira mimba yake. Malawi amphamvu omenya malo amodzi ndi mdani wake. Sutereka wopanda kanthu, suthiramo madzi ozizira uli wotentha, ndipo ukauphula suuika pa mwala wozizira kapena pa udzu wonyowa. Pamafunika thabwa kapena nkhata. Koma ukangotentha, umasunga kutenthako mokhulupirika: nyemba zimapitiriza kutokota mphika uli pansi kale, ndipo makala ochepa amakwana kuti mphika uzibwata kwa maola angapo.

Kuotcha

Mphika usanaone moto uyenera kuuma kwa masabata, kenako kuwambidwa pambali pa moto, chifukwa kadontho ka madzi kotsalira m'dothi kamasanduka nthunzi n'kuphulitsa khoma. Ngozi ina ili pa madigiri 573, pamene mchenga wa mtundu wa quartz umafufuma mwadzidzidzi. Moto wa pa mulu umadutsa malo oopsawa mothamanga, ndipo umatha kufika madigiri 800 ola lisanakwane. Dothi losalala la kusitolo silingapirire liwiro lotere. La mchenga limapirira. Ndiye kuti mchenga womwe uja umagwira ntchito kawiri, pootcha ndi pophika.

Kuda kwa BB1 si utoto. Dothi lokhala ndi chitsulo likapsa pamoto wopeza mpweya wokwanira limafiira. Woumba akafuna kuti lide, moto ukafika pachimake amaufotsera ndi dothi, udzu wauwisi kapena utuchi kuti mpweya usalowe. Chitsulo cha m'dothi chimasintha mtundu, utsi umalowa m'timibowo, mphika n'kutuluka wakuda bii. Pamene mpweya unazembera pamatsala mawanga ofiirira, ndipo mawanga otere amapezeka pa miphika yeniyeni yofukulidwa.

Kuyesa ng'anjo zakale kunayamba kale ndithu. Mu 1961 Philip Mayes anamanga ng'anjo yotengera ya Aroma ku Boston, m'chigawo cha Lincolnshire, n'kuiyatsa kuti aone kutentha kwake ndi nkhuni zimene ingadye. Koma woumba wofuna kugulitsa sangataye theka la katundu wake pa moto uliwonse, komanso sangafukize utsi tsiku lonse pakati pa nyumba za anzake. Ambiri amaotcha kaye mu ng'anjo yamagetsi pa kutentha kochepa, kenako n'kudetsa miphikayo mumgolo wa utuchi. Kwa munthu wofuna kuphika mphodza pamsasa, ine sindiona vuto. Kwa wofufuza amene akufuna kudziwa kuti mphika wa Aroma unkatha miyezi ingati, mphika wotere ungamunamize, chifukwa sunapse mofanana ndi wakalewo.

Nyale

Nyale ya Aroma ndi kachiwiya kophwatalala kotsekeka pamwamba. Pamwambapo pali kambale kolowa pang'ono, kawirikawiri kokhala ndi chithunzi cha nyama, mulungu wina kapena amuna omenyana m'bwalo la masewera, ndi kabowo kothirira mafuta. Kutsogolo kuli kamlomo kotulukira chingwe. Zambiri sizinkaumbidwa ndi manja okha ayi, koma m'chikombole cha mbali ziwiri, cha dothi lootcha kapena cha pulasitala. Woumba amakanikiza dothi lopyapyala m'mbali iliyonse ndi chala, amalumikiza mbali ziwirizo, amatsegula chikombole dothi likagwirana, amapala msoko, amaboola mabowo awiri aja, n'kuviika nyaleyo m'madzi a dothi losungunula asanaiotche. Nyale yakale ikasweka, m'kati mwake mumaoneka zidindo za zala za amene anaikanikiza. Chikombole cha pulasitala chimasiyanso chizindikiro chake: timathovu ta mpweya ta m'pulasitala timatuluka pa nyale ngati titsempha ting'onoting'ono totukuka.

Kuyambira cha m'ma 70 AD, oumba a m'dera la Modena kumpoto kwa Italy anayamba kutulutsa nyale zopanda zithunzi zambiri koma zokhala ndi dzina la mwini malonda pansi pake. Dzina lofala kwambiri ndi FORTIS, ndipo limapezeka kuchokera ku Britain mpaka kumtsinje wa Danube. Koma zambiri mwa nyale za FORTIS sizinaumbidwe ku Modena. Woumba wa m'chigawo chakutali ankagula nyale imodzi, n'kuikanikiza m'dothi kapena m'pulasitala kuti apeze chikombole, n'kuyamba kutulutsa zake, dzina la mwini wake lili pomwepo. Wina ankakopera kwa wokoperayo. Popeza dothi limafota, m'badwo uliwonse wa nyale unkachepa kuposa wam'mbuyo, zilembo zikunka zifufutika. Kukopera nyale za Aroma, ndiye kuti, anayamba ndi Aroma eni ake.

Kuphwatalala kwa nyaleyi kuli ndi chifukwa. Mafuta a maolivi ndi olemera, sakwera chingwe mtunda wautali. Amangokwera masentimita ochepa. Choncho moto uyenera kukhala pafupi ndi pamene mafuta alekezera, ndipo woumba akatalikitsa kamlomo m'mwamba pofuna kukongoletsa, nyaleyo imayaka pang'ono n'kuzima mafuta akali tho. Mafutawa sagwiranso moto wamba: kuponyamo machesi oyaka, machesiwo ndi amene amazima. Koloboyi amatha kukhala ndi chitini chakuya chifukwa palafini ndi wopepuka, amakwera chingwe mosavuta, komanso amatulutsa mpweya woyaka. Pa chifukwa chomwecho, kuthira palafini m'nyale yadothi yachiroma ndi kuitana ngozi: amalowerera m'dothi, ndipo nyale yonse ikhoza kulilima.

Chingwe chinkakhala cha fulakesi, gumbwa kapena ulusi wa zomera zina. Lero ambiri amangopota thonje. Chikatuluka kwambiri, nyale imafuka mwaye. Chikachepa, moto umamira. Pamafunika kachitsulo kosongoka kokokera chingwecho nthawi ndi nthawi. Kuwala kwake n'kofanana ndi kandulo imodzi, kokwana kuona nkhope ya mnzako ndi mbale imene uli nayo, koma makona a chipinda amakhala mumdima. Ndipo nyale yadothi imatuluka thukuta la mafuta. Ikakhala pa tebulo usiku wonse imasiya bwalo lonona. Oumba ena a lero amamata m'kati mosaoneka kuti izi zisachitike, ena amangouza wogula kuti aike kambale pansi. Kumene maolivi kunalibe, anthu ankayatsa zimene anali nazo: Herodotus, wolemba mbiri wakale wa Chigiriki, analemba kuti Aiguputo ankayatsa mafuta a nsatsi, amene ankayaka bwino koma ndi fungo loipa.

Nkhani ya mafutayi ndi imene imasokoneza ambiri ku Britain. Maolivi sankalimidwa kumeneko. Mafuta ankachokera kum'mwera kwa Spain, m'chigwa cha mtsinje wa Guadalquivir, m'mitsuko ikuluikulu yolowa malita pafupifupi 70. Kukula kwa malondawa kumaoneka mumzinda wa Rome, kumene kuli phiri lotchedwa Monte Testaccio, lotalika mamita pafupifupi 35, lopangidwa makamaka ndi mapale a mitsuko ya mafuta. Koma kwa munthu wa ku Britain, kuyatsa nyale yotere kunali kuotcha chakudya chodula chochokera kutsidya kwa nyanja. Kafukufuku wa Hella Eckardt, amene anatuluka mu 2002, anaonetsa kuti nyalezi zimapezeka makamaka ku London, ku Colchester ndi m'malinga a asilikali, makamaka m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa Aroma, ndipo pambuyo pake zinachepa kwambiri. Ku Colchester kunapezeka ngakhale zikombole za malo oumbira nyale a nthawi imene Boudica, mfumukazi ya ku Britain imene inaukira Aroma, anatentha mzindawo, cha mu 60 kapena 61 AD. Anthu wamba ankadalira moto wa pakati pa nyumba, makandulo a mafuta a nyama, ndi tinyale totseguka pamwamba toyakira mafuta omwewo.

Tanthauzo lake n'lakuti nyale ikhoza kukhala yolondola m'zonse, dothi, chithunzi ndi kukula, koma n'kukhala bodza chifukwa cha malo amene yaikidwa. Munthu wosewera mlimi wakumudzi wa ku Britain wa m'zaka za m'ma 300, atanyamula nyale yokongola ya chithunzi, akuphunzitsa oonera zinthu zimene sizinkachitika kawirikawiri. Oumba osamala amayamba afunsa wogula: mukuonetsa zaka ziti, dera liti, munthu wa chuma chotani?

Aroma atachoka, nyale zotsekeka zija zinazimirira. Za m'zaka za m'ma 900 mpaka 1100, zoumbidwa m'malo ngati Thetford ndi Stamford, ndi timbale totseguka, tina tokhala pa kamwendo, tina tokhala ndi chisonga pansi chozika kapena chokoleka. Ku Brecon Cathedral ku Wales kuli mwala wogobedwa mabowo 30, lililonse loikamo mafuta ndi chingwe. Makandulo a phula la njuchi anali a tchalitchi ndi anthu olemera.

Khitchini ya m'ma 1500 ndi vuto la mtovu

Pofika m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, miphika ikuluikulu yamkuwa ndi yachitsulo inali italanda malo ambiri, ndipo dothi linatsalira ntchito zing'onozing'ono zofuna moto wodekha. Apa m'pamene pamatchuka pipkin, kamphika ka miyendo itatu koima pamwamba pa makala, kokhala ndi chogwirira chobooka m'kati chimene sichitentha msanga ndipo mungalowetsemo kamtengo pophula. Panalinso timbaula tadothi tofunditsira chakudya pa tebulo, mbale zazitali zotchera mafuta odontha ku nyama yowotcha, ndi chivundikiro chachikulu chonga beseni lovundikira, chokhala ndi timabowo ndi chogwirira, chophimbira makala usiku kuti nyumba isapse koma moto ufike m'mawa. Zambiri mwa izi zinkaumbidwa ndi dothi loyera m'malire a Surrey ndi Hampshire n'kumagulitsidwa ku London, ndipo mapale ake apezeka mpaka ku Jamestown ku Virginia, mudzi umene Angerezi anakhazikitsa mu 1607.

Kukongola kwa ziwiyazi kuli pa chikutiro chonyezimira ngati galasi, chobiriwira kapena chachikasu, chimene oumba amati glaze. Chikutirocho chinkapangidwa ndi mtovu (lead), ndipo kubiriwirako kunkabwera ndi mkuwa. Ku England oumba a ku Stamford anayamba kuchigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 800, ndipo chinakondedwa chifukwa mtovu umasungunuka pamoto wochepa n'kutseka timibowo tonse. Koma chakudya chowawasa, monga viniga, vinyo kapena zipatso, chimasungunula mtovuwo n'kuulowetsa m'thupi, kumene umaononga ubongo makamaka wa ana. Woumba mwini wake ndiye woyamba kupuma fumbi lake. Lamulo la ku Ulaya la 1984 limafuna kuti chiwiya chodyera chiyesedwe pothiramo asidi wa viniga wa 4 peresenti kwa maola 24, kenako n'kuyeza mtovu umene watuluka.

Choncho pafupifupi woumba aliyense wogulitsa zodyera amagwiritsa ntchito chikutiro chopanda mtovu. Maso ozolowera amaona kusiyana: chamtovu chimakhala chakuya, chofunda, chotsetsereka mwa mtundu wake, pomwe chamakono chimaoneka chozizirira. Pano ine ndili kumbali ya woumba amene wasiya mtovu. Chimene sindigwirizana nacho ndi wogulitsa amene sanena kuti wasintha chiyani, kapena amene amagulitsa chiwiya chamtovu chokongoletsera popanda kulemba pansi pake kuti si chodyera.

Mphika wopanda chikutiro uli ndi zake. Umamwa mafuta a chilichonse chophikidwamo, moti wophikira nsomba umakhala wa nsomba mpaka kale, ndipo sopo akalowamo satulukamo. Amautsuka ndi madzi otentha okha n'kuumitsa bwino kuti usachite nkhungu. Khalidwe lomweli ndi limene lathandiza asayansi. Richard Evershed ndi anzake anapeza phula la masamba a kabichi m'mapale a m'mudzi wakale wa West Cotton ku Northamptonshire, patapita zaka mazana ambiri kuchokera pamene ndiwozo zinaphikidwa. Pofuna kutsimikiza njira zoyezera zotere, ofufuza amaphika zakudya zodziwika m'miphika yotengera yakale, mobwerezabwereza, kenako n'kuiswa ndi kuipima. Miphika yoyesera yotere iyenera kumwa mafuta mofanana ndi yakale, ndiye kuti woumba wake sangabere pa dothi kapena pa kaotchedwe.

Chidindo cha pansi

Luso lomwe limathandiza sukulu ndi ofufuza limathandizanso akathyali. Nyale ndiyo yosavuta kunamiza nayo: ndi yaing'ono, imachokera m'chikombole, ndipo alendo oyendera mabwinja a m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean amaikonda. Kuipaka matope, kudetsa kamlomo ndi mwaye, kuthyola pang'ono m'mphepete, basi yasanduka ya zaka 2,000. Njira yozindikirira ilipo. M'zaka za m'ma 1960 Martin Aitken ndi anzake ku Oxford anakonza njira yotchedwa thermoluminescence, imene imayeza nthawi imene yapita kuchokera pamene dothi linaotchedwa komaliza. Mu 1971 anayeza ziwiya 66 zimene zinkanenedwa kuti n'zochokera ku Hacılar ku Turkey, ndipo 48 zinapezeka kuti n'zatsopano. Koma kuyezako kumafuna kuboola kachidutswa, ndipo nthawi zambiri mtengo wake umaposa wa nyale wamba yachiroma, choncho nyale zambiri zogulitsidwa pa intaneti palibe amene amaziyeza.

Oumba oona mtima amadinda chizindikiro chawo pansi dothi likali lofewa, ena n'kuwonjezera chaka, mozama kuti wofuna kuchipala aononge chiwiyacho. Izi zimateteza wogula wachiwiri ndi wachitatu, amene sanakumane ndi woumbayo. Sizithetsa zonse. Zionetsero zambiri zimachitikira pa mabwinja enieni, m'mabwalo a malinga akale, ndipo miphika yophikira imasweka. Chidindo chimakhala pa phale limodzi lokha. Mapale ena onse, a dothi lokumbidwa m'dera lomwelo ndi lootchedwa mwa njira yomweyo, akapondedwa n'kulowa m'nthaka, wofukula wa zaka 50 zikubwerazi adzafunika kuunika bwino asanawalembe m'kaundula.